Apaulendo Abodza a M'basi ya ku Chipatala

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, nyengo ya fumbi ndi mphepo, sukulu zili zotseka, pamene ndinayamba kudana ndi munthu. Kufikira nthawi imeneyo ndinkangokwiya ngati mwana aliyense, kulira pang'ono kenaka n'kuiwala. Chidani chenicheni ndinachiphunzirira m'basi.

Tinkakhala ku Kaunda Square. Atate anali owotcherera zitsulo, opanga mageti ndi mawindo a nyumba za ku Chelstone, ndipo anali atagonekedwa ku chipatala chachikulu chifukwa cha chotupa cha m'mimba. Amayi, amene amagulitsa nsalu m'sitolo ina ku Kamwala, ankagona ku chipatala komweko pambali pa bedi. Tsiku limenelo m'mawa anaimbira foni aneba athu. Madokotala anali atanena kuti Atate alowa ku opaleshoni masana, ndipo Atate ankafuna kundiona asanalowe. "Muuzeni Taonga abwere pa nthawi yoonera odwala," anatero Amayi. "Asachedwe, chitseko amatseka."

Ndinanyamuka nthawi ikadalipo yambiri. Basi yochokera kwathu inandifikitsa m'tauni bwinobwino. Mabasi a kuno sanyamuka ndi wotchi, amanyamuka akadzaza, choncho aliyense wofulumira amafunafuna imene muli kale anthu. Ndinasangalala kuona ya ku chipatala itatsala pang'ono kudzaza. Pakhomo pake panaima kondakitala wamtali, wa chipewa chofiira ndi dzino lakutsogolo lothyoka. Anzake ankamutchula Chigayo.

"Chipatala, chipatala! Mmodzi chabe tiyende!" ankakuwa akumenya chitsulo cha basi. "Iwe ka sisi, ngena. Ni iwe tenze kulindila."

Analandira ndalama yanga pakhomo pomwepo n'kundikankhira ku mpando wakumbuyo, pakona. Dalaivala analiza injini. Basi inanjenjemera, utsi wakuda unalowera pa windo losweka n'kundiyabwa kukhosi. Tinasuntha pang'ono kupita kutsogolo, kenaka tinabwerera pamalo pomwe paja.

Mayi wina analowa ndi basiketi ya chakudya cha wodwala. Nthawi yomweyo bambo amene anakhala kutsogolo kwanga akuwerenga nyuzipepala yakale anaika foni kukhutu. "Halo? Eee, nabwela manje manje," anatero, n'kutsika. Foniyo sindinaimve ikulira. Analowa mnyamata wa ndodo zoyendera, ndipo mayi wina wobereka mwana wofunditsidwa mpaka kumutu anatsika, ati waiwala chikwama. Zinapitirira choncho. Munthu akalowa, wina ankatuluka, ndipo Chigayo ankangokuwabe kuti watsala mmodzi.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti anthu ambiri amene ndinawapeza m'basimo sankapita kulikonse. Ntchito yawo inali yokhalira mipando kuti basi izioneka yodzaza.

"Ba kondakita, nifuna kuseluka," ndinatero ndikuimirira kuti nditsike. "Atate anga ali ku chipatala, nizachedwa."

"Nkala pansi iwe, tayenda kudala. Ukaseluka ndalama sibwelela."

Wapansi unali ulendo wosakwana ola, koma njira sindinkaidziwa bwino. Komanso ndikangoimirira, dalaivala ankaponda mafuta, basi n'kubangula ngati ikunyamukadi, ine n'kukhalanso pansi. Ndinali mwana woleredwa kuti wamkulu akanena chinthu ndiye kuti ndi choncho. Ndinakhala pakona paja thukuta likutsika kumsana, ndikuyang'ana mthunzi wa denga la siteshoni ukufupika.

Titafika ku chipatala, anthu oona odwala anali akutuluka ndi mabasiketi opanda kanthu. Ndinathamanga mpaka ku wodi. Amayi ndinawapeza atakhala pa benchi panja, atagwira masilipasi a Atate. "Angowatenga kumene," anatero. "Amangoyang'ana ku chitseko." Sanandikalipire. Atate sanadzuke ku opaleshoni ija, ndipo anamwalira tsiku lotsatira.

Pa maliro anthu ankaimba, ine ndinkaona chipewa chofiira. Ndinaganiza zoika msomali pansi pa tayala. Ndinaganiza zothira shuga m'thanki ya mafuta, chifukwa mnzanga wina anandiuza kuti injini imafa. Abusa a ku mpingo wathu atalalikira za kukhululuka, ndinaweramitsa mutu kuti asaone nkhope yanga.

Sukulu zitatsegulidwa ndinayamba kuthandiza Amayi ku sitolo Loweruka lililonse. Loweruka lina, nthawi yoonera odwala itayandikira, ndinanena kuti ndikupita kukagula madzi, koma ndinalunjika ku siteshoni. Basi ija inalipo. Chigayo analipo. Bambo wa nyuzipepala anali pa mpando wake, ndi mayi wobereka mwana uja. Ndinaima pambali pa chitseko, ndipo mayi woyamba wa basiketi atafika ndinamugwira dzanja.

"Ba mami, osangena umu. Aba bantu sibayenda, ni ba boza. Muzachedwa kuona wodwala wanu."

Mayiyo anandiyang'ana, kenaka anasuzumira m'basi. Ndinakweza mawu kuti amene anali atakhala kale amve. Ndinaloza mmodzimmodzi: uyu adzayankha foni yosalira, uyu adzaiwala chikwama. Amayi a mabasiketi, amene ena mwa iwo anali atakhala m'menemo nthawi yaitali, anayamba kung'ung'udza. Mayi wina wonenepa wa nsalu ya chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi anatembenukira kwa wobereka mwana uja.

"Mwana wanu salila, na kupya konse uku? Timuoneko."

Anakoka nsalu. Panagwa pilo wakuda ndi litsiro.

Phokoso limene linabuka sindidzaliiwala. Amayi a mabasiketi aja anatuluka m'basi akukuwa, akufuna ndalama zawo. Wina anamenya Chigayo ndi ambulera pamsana, wina anamuvula chipewa n'kuchiponya m'ngalande ya madzi oipa. Ogulitsa mazira owiritsa ndi oitanira mabasi ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinaimirira pomwepo ndikuonerera, ndipo sindinama, zinandikoma kwambiri.

Chigayo atapeza mpata anabwera kwa ine maso ali psu. "Iwe ka mwana, nakulakwila chani?"

Sankandikumbukira n'komwe. Ndinamuuza kuti anandichedwetsa, ndipo Atate anamwalira ndisanawaone.

"Manje nine dokota ine?" anatero, n'kupita kukavuula chipewa chake.

Amayi aja anathamangira m'basi yotsatira pa mzere, imenenso inkaoneka yodzaza. Ndinkafuna kuona ikunyamuka ndisanabwerere. Ndikuyang'ana choncho, ndinaona bambo wa nyuzipepala uja akuzungulira kuseri, n'kukakhala m'basi imeneyo pafupi ndi windo, n'kutambasula nyuzipepala yake. Injini inalira. Basi inasuntha pang'ono, n'kubwerera.

Nkhani inafika ku Kamwala ine ndisanafike. Ndinapeza Amayi akuyeza nsalu, ndipo ndinkayembekezera mbama. Anamaliza kudula, anapinda nsaluyo, wogula anapita.

"Wakhuta?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ndiye usamawaze mkwiyo wako pa anthu ang'onoang'ono. Malasha ukawayatsa onse tsiku limodzi, mawa uphikira chiyani? Sunga. Ufufuze kaye amene anakonza kuti zinthu ziziyenda chonchi."

Sanandiuze kuti ndikhululuke, ndipo ndimawathokoza chifukwa cha zimenezo mpaka lero.

Yankho la funso lawo ndinalipeza ndili giredi 11. Kusukulu kwathu kunabwera anthu a ntchito zosiyanasiyana kudzatilimbikitsa, ndipo pakati pawo panali mayi wina wophunzitsa pa yunivesite. Anati ntchito yake ndi kufufuza ndi kuphunzitsa za kayendedwe ka anthu m'mizinda: kamangidwe ka misewu, chuma cha mabasi, malamulo ake, ndi njira zoyendera zosawononga mpweya. Anzanga ankayasamula, ankadikira woyendetsa ndege. Ine ndinakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chimene basi imakhalira pa siteshoni injini ikulira, ikuwotcha mafuta pachabe, anthu akuchedwa.

Anandiyankha ngati munthu wamkulu. Anati dalaivala ndi kondakitala amayenera kupereka kwa mwini basi ndalama yoikika tsiku lililonse, ndipo iwo amadya zotsala. Mpando wopanda munthu ndi njala kwa iwo, choncho amadikira, ndipo amanama kuti ena adikire nawo. Anati kuli mizinda ina kumene woyendetsa basi amalipidwa chifukwa choyenda maulendo ake pa nthawi yake, kaya mwadzaza kaya ayi, ndipo mabasi amakhala ndi njira yawoyawo mumsewu kuti asamatsekeredwe ndi magalimoto a anthu olemera, onga a ku Kabulonga kuno, amene amayenda mmodzimmodzi. Kumeneko bodza lokhalira mipando lilibe phindu, ndiye palibe amalichita.

"Nanga amasankha zimenezo ndani?" ndinafunsanso.

"Anthu a m'maofesi a boma ndi a khonsolo," anatero. "Ndipo asanakhale m'maofesimo amayamba akhala m'kalasi mwanga."

Tsiku limenelo ndinasiya zofuna unamwino. Masamu ankandivuta, koma ndinawakakamira ngati nkhupakupa, ndipo ndikatopa ndinkangokumbukira funso lija la Chigayo lakuti kodi iye ndi dokotala, tulo n'kutha. Chaka chatha ndinamaliza giredi 12, ndipo andipatsa malo pa yunivesite kuti ndikaphunzire uinjiniya. Ndikudziwa kuti njira ndi yaitali. Ndiyenera kumaliza digiri yoyamba, kenaka yachiwiri ya za mayendedwe ndi chuma chake, kenaka kafukufuku, ndisanaime kutsogolo kwa kalasi. Sindikuopa. Ndikufuna aliyense amene adzalembe malamulo a mabasi a mumzinda uno adzayambe wadutsa m'manja mwanga, ndipo amene adzanene kuti kudikira ndi chikhalidwe chathu sadzakhoza mayeso anga.

Tsopano ndikumvetsa kuti Chigayo anali ndi mimba yoti adyetse, ndi bwana womudikira madzulo. Ndikumvetsa kuti kumumenyetsa ambulera sikunafikitse munthu ndi mmodzi yemwe ku chipatala msanga. Koma ndaphunziranso kuti kumvetsa munthu ndi kumukhululukira ndi zinthu ziwiri, ndipo ine ndachita choyamba chokha. Anamva mwana akunena kuti atate ake ali ku chipatala, iye n'kumuuza kuti akhale pansi.

Masiku ano ndikadutsa pa siteshoni ndimamuonabe, tsitsi layamba imvi, mawu asasa. Ndimamufunira moyo wautali. Ndikufuna adzakhalepo tsiku limene basi ya ku chipatala idzatseke chitseko nthawi itakwana, mipando ina ili yopanda anthu, n'kunyamuka iye akuona, alibe woti amunamize.