Malo Opanda Lizi a Bambo Quek

A Quek Teck Seng akhala akuyendetsa takisi mu Singapore zaka makumi atatu, ndipo aliyense amene anakwerapo galimoto yawo amadziwa dandaulo lawo. Nyumba yawo, m'mwamba pansanjika yachikhumi, ndi ya lizi ya zaka 99. Zakazo zikadzatha, idzabwerera ku boma. Nkhaniyi inkawadya mumtima, makamaka mlamu wawo akamadzitama kuti yake ndi yopanda lizi, yakeyake mpaka kalekale.

"Zatsala zaka makumi asanu ndi limodzi, bambo," ankatero akazi awo, a Siew Lan. "Mukufuna kukhala ndi moyo ngati fulu?"

"Mayi, munthu ndidzafe wopanda dothi langa, olo lodzaza kapu?"

Chinkawatonthoza ndi manda. Pamenepo pokha, ankati, palibe adzawasamutse. Tsiku lina ananyamula mayi wogulitsa mabokosi a maliro, n'kumuuza zimenezi monyadira.

"Amalume, simukudziwa? Kuno manda ndi zaka khumi ndi zisanu. Zikakwana amakufukulani, pagone wina."

A Quek anapitirira pokhotera. Tsikulo ngakhale mpunga wa nkhuku sunawalowe.

Mwezi usanathe anawoloka mlatho kupita ku Johor, dziko la eni, n'kugula malo a manda a anthu awiri paphiri, opanda lizi. Lamlungu lililonse amapitako ndi mpando wopinda ndi khofi wa m'jumbo, kukazula udzu. Mwa eni malo onse a pamzerewo, ndi iwo okha amene amabwerera kunyumba madzulo.

A Siew Lan anapitako kamodzi, ataima maola atatu pamzere wa mapasipoti. Anayang'ana phiri, anayang'ana udzu.

"Malo ndi abwino, sindikana. Koma ine mudzanditenthe, phulusa mukaike pafupi ndi ana. Mukuganiza ana athuwa azidzawoloka malire ndi zidzukulu kudzasesa manda? Olo ine sindingabwerenso."

"Nanga mbali yanuyi?"

"Muchititse lendi."

A Quek anaseka, poti mayiwa akalankhula munthu umaseka basi. Koma atakhala pampando wawo wopinda, anayang'ana mbali yopanda mwiniyo, ndipo mtima unawawa kuposa masiku a lizi. Malowo anali awodi mpaka kalekale. Anali asanaganizepo kuti kalekale yenseyo adzagona okha.