Phazi Lotupa ndi Mawu Oti Takhuta

Nkhonokono ndi nsomba yaing'ono, koma ili ndi minga yolimba ngati misomali, wina pamsana, ina m'mbali. Ndinaponda munga wotere padooko kwa Mbenje ndikutsitsa dengu la nsomba m'bwato. Unalowa m'chidendene chakumanzere n'kuthyokera momwemo. Kuchipatala anang'amba, anachotsa chidutswacho, anamanga bandeji, n'kundiuza kuti phazilo lisaponde pansi mpaka bala litatseka.

Ntchito yanga inali yopalasa njinga. Ababa ankagula nsomba kwa asodzi, ine n'kumazithamangitsira kumsika dzuwa la m'chigwa lisanaziwononge. Anthu ankanditchula kuti waliwiro, ndipo mbiri imeneyo ndiyo inandipachika.

Chaka chimenecho kuboma kunabwera mkulu wina woyang'anira zamasewera, wochokera kumtunda, m'chigawo chapakati. Anali asanathe mwezi kwathu kuno. Anabwera ndi mpikisano umene anauona kumaphunziro: kuthamanga wapansi, kukwera njinga, kenako kutsika n'kuthamanganso mpaka pamzere. Ankafuna uchitike pachikondwerero cha ufulu mu Julaye, pamaso pa alendo. Nthambi iliyonse ya chipani inauzidwa kupereka mnyamata mmodzi, ndipo atcheyamani a nthambi yathu anapereka ine osandifunsa.

Ngakhale phazi likanakhala labwino, sindinali woyenera. Kupalasa ndi kuthamanga ndi ntchito ziwiri zosiyana. Chisiyireni sukulu, kuthamanga kwanga kunali kopirikitsa mbuzi m'munda wa mapira, ndipo chivulalireni njinga inangotsamira khoma.

Mkuluyo atabwera kudzaona anyamata osankhidwa, ababa anapita kukandipepesera. Ine ndinatsatira pambuyo ndi ndodo kuti bala likadzilankhulire lokha. Msonkhano unali pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika.

Ababa anabadwira kutsidya kwa malire. Anabwera kuno ali mwana, makolo awo akuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Chichewa ankachilankhula bwino, koma akafuna kupereka ulemu waukulu lilime linkabwerera ku Chisena. Mkuluyo atawauza kuti mwana wawo wapatsidwa mwayi woimira nthambi ndipo alandira malaya a mpikisano, ababa anavula chipewa, anaomba m'manja n'kunena kuti:

"Takhuta, bwana. Takhuta kwambiri. Koma mwanayu phazi..."

Sanamalize. M'Chisena takhuta ndi zikomo. Mwana aliyense wa ku Nsanje amadziwa zimenezi asanadziwe kuvala. Koma mkuluyo anamva zakwawo, zoti anthuwa akhuta ndipo akumuderera.

"Mwakhuta? Mwakhuta chiyani, madala? Mwakhuta ufulu?"

Anawafunsa kumene anabadwira. Zaka zimenezo anthu othawa nkhondo anali atayamba kuwoloka malire, ndipo funso limenelo silinali la macheza. Ababa anayankha zoona. Anawafunsa khadi la chipani, iwo anaonetsa. Iye anangoliyang'ana n'kunena kuti tsiku la mpikisano lidzaonetsa ngati banja lathu lili pamodzi ndi dziko kapena ayi. Phazi langa sanaliyang'ane.

Mkulu uja sindimuwerengera mlandu kwenikweni. Sankadziwa mawuwo, ndipo umbuli ndi umbuli. Amene amandipsetsa mtima mpaka lero ndi amene anakhala pamabenchi. Panali atcheyamani, amene ankanena takhuta kwa apongozi awo tsiku lililonse. Panali aphunzitsi awiri, mkulu wa mpingo, ndi wogulitsa nsalu amene ankadya kwathu. Onsewa ankalankhula zilankhulo ziwiri. Zinkangofunika kuti mmodzi anene kuti, bwana, kuno mawuwo ndi othokoza. Atcheyamani ankayang'ana zikhadabo zawo. Ine nditatsegula pakamwa ababa ananditsina pamkono. Kwa iwo, kufotokoza kunali kuuza bwana kuti walakwa pamaso pa anthu, ndiponso kumutsimikizira kuti ndife akutsidya.

Kunyumba amayi anamasula bandeji n'kuika phazi langa pamwendo pa ababa kuti aone mafinya. Anati mwana wawo sakathamanga, bwanayo akafuna abereke wake. Ababa anavomereza. Anati ndikhale, chimene chibwere chibwere, iwo akula kale. Ananena akuyang'ana pakhomo, ndipo masiku otsatira anasiya kupita kudooko. Galimoto ikamveka kumsewu ankaimirira.

Ndinayesa kuwerengera nkhaniyi mofatsa. Ndikathamanga, bala litseguka, ndipo kuchipatala anali atandichenjeza kuti likalowa dothi likhoza kufika pafupa. Ndikapanda kuthamanga, sindinkadziwa chimene chichitike, koma tonse tinkadziwa makomo amene galimoto ya boma yotenga anthu inawayendera chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Choopsa chimodzi ndinkachiona ndi maso, chinacho chinalibe malire.

Ndinatsimphina mpaka kwa atcheyamani kukawapempha kuti akafotokoze mawu aja kuboma, kumbali, popanda wochita manyazi. Ndinawapeza akusoka ukonde. Sanausiye.

"Nkhaniyi yafika pamwamba, mwana wanga. Ungokathamanga basi. Ngakhale ukhale wotsiriza, bola akuone."

Ndinawafunsa ngati iwowo, patsiku lija, anamva ababa akutukwana. Anati iwo anali kutali, mphepo inkaomba.

Ndinapita. Njinga tinaikweza palole ya thonje yopita kuboma. Chidendene ndinachikulunga nsalu, pamwamba n'kumanga ndi mphira ya chubu chakale, chifukwa nsapato sinkalowa. Anzanga ambiri ankathamanga opanda nsapato, choncho palibe anadabwa.

Njira yoyamba inadutsa m'dothi la makande, lija limang'ambika nthawi ya chilimwe n'kuuma ngati mapale. Ndinayamba ndi zala zokha. Posakhalitsa katumba anakokana, chidendene chinatera pamng'alu, ndipo ndinamva bala likutseguka ngati msoko wa thumba. Pofika pamene tinasiya njinga, ambiri anali atapita kale. Panjinga pokha ndinakhalako munthu. Ndinaponda pedulo ndi zala, chidendene chili lende, ndipo ndinapitirira anyamata angapo amene njinga zawo anachita kubwereka. Chigawo chomaliza sindinathamange. Ndinayenda, mphira itamasuka, nsalu ikukoka mchenga. Amayi ena ogulitsa zitumbuwa anandiuza kuti ndikhale pansi, ndine wopusa. Sanalakwe.

Nditafika pamzere ndinayang'ana pansanja kuti mkulu uja andione. Mipando inali yopanda anthu. Opambana atangolandira mphatso, iye anaperekeza alendo kukadya. Amene anandilandira anali wochotsa mbendera. Atcheyamani anabwera n'kundisisita paphewa, ati ndapulumutsa dzina la nthambi. Ndinachotsa dzanja lawo, ndipo ndicho chinthu chokhacho chimene ndinachita tsiku limenelo mwa kufuna kwanga.

Bala linafikadi pafupa. Ndinagona m'chipatala mpaka mvula yoyamba, ndipo anadula mbali ya chidendene. Nsomba za ababa anayamba kuzinyamula ndi mwana wa mchemwali wawo. Ine ndinapita kutauni kukafuna ntchito yokhala pampando, ndipo mpaka pano nsapato yakumanzere ndimaika chigamba mkati.

Mkulu uja anasamutsidwa chaka chisanathe. Kunyumba kwathu sikunafike galimoto iliyonse. Ababa anamwalira akukhulupirira kuti phazi langa ndilo linawasunga m'dziko muno, ndipo sindinawatsutse. Koma patapita zaka, nditaphunzira ntchito yofunsa mafunso, ndinafufuza kwa amene ankagwira ntchito kuboma nthawi imeneyo. Palibe amene anakumbukira kuti dzina la ababa linatchulidwapo mu ofesi iliyonse. Mmodzi anandiuza kuti mkulu uja ankakalipira anthu chotero pamsonkhano uliwonse, ndipo akakwera galimoto ankaiwala. Atcheyamani ankamudziwa bwino mkuluyo kuposa ife tonse, chifukwa ankayenda naye.