Mimba ya Chitsime

Ndili Fomu 3, sabata imene tinkaphunzira kupeza voliyumu ya zinthu zophatikizana, bambo anga ankakumba chitsime kuseri kwa nyumba yathu ku Kaporo. Aphunzitsi a masamu anajambula pabolodi silinda yokhala ndi theka la mpira kunsi kwake. Anati chinthu chotere tisamachiope: tichidule m'maganizo, tipeze kukula kwa m'kati mwa chidutswa chilichonse, kenako tiphatikize. Phunziroli linandikomera, moti ndinayamba kuyeza chilichonse pakhomo, ngakhale ndowa ya amayi.

Chitsimenso ndinachiyeza, pongofuna kukonzekera mayeso. Pakamwa pake ndinayeza ndi rula, kuya kwake ndi chingwe chimene bambo ankatsikira. Imeneyo ndiye inali silinda. Dothi lotuluka tinkaliunjika pambali, ndipo mulu wake unali ngati koni. Ndinkayembekeza kuti mayankho awiriwa ayandikana, popeza dothi la pamulu ndi lomwe linachoka m'dzenjemo. Koma mulu unaposa kutali. Ndinabwereza mosamala, osasintha.

Apa ndinakumbukira chojambula cha pabolodi. Kunsi kwa silinda yathu kunali chidutswa china chosaoneka uli pamwamba. Kwathu ukakumba umapeza mchenga umene madzi osefukira anasiya kalekale, ndipo umagumuka wokha m'mbali. Chitsime chinali kukula mimba pansi, pamwamba pake pali dothi lolemera lopanda choligwira.

Ndinawauza bambo akusamba m'manja. Anaseka, nati dothi lokumba limafufuma ngati ufa wa mandasi, ndiye mulu uyenera kukula. Ndinavomera, koma ndinati kufufumako sikungafike pamenepo. Amayi anandidzudzula m'Chinkhonde kuti ndisamalosere tsoka munthu woti mawa atsikamonso.

"Tata, pansipo mukatambasula manja, mumakhudza mbali zonse ziwiri?" ndinafunsa.

"Dzana ndinkakhudza," anatero bambo.

M'mawa mwake anamangabe chingwe pamtengo wopingasa kuti atsikenso. Anati madzi ali pafupi, ndipo amayi atopa nako kukatunga kumjigo wakutali. Ine ndinali nditavala kale yunifolomu, koma ndinaika chikwama pansi n'kuyamba kuthandiza amayi kukoka ndowa. Zinkabwera zodzaza ndi mchenga wonyowa, ina pambuyo pa inzake, msangamsanga. Chimene sindinkamva ndi khasu. Ndinawayang'ana amayi, n'kuona kuti nawonso akumvetsera.

"Kokani ine tsopano," anatero bambo pansipo, motsitsa mawu. "Pang'onopang'ono. Musaponde m'mphepete."

Tinakoka mpaka zikhatho kusupuka. Anatuluka mchenga uli m'tsitsi ndi m'makutu. Sanayang'ane aliyense. Anakadula minga n'kuzinga malo onsewo, patali ndithu ndi pakamwa pa dzenje, ndipo anauza azing'ono anga kuti wodutsa pamenepo alawa mkwapulo. Potola chikwama changa ndinamva mchenga ukukhuthuka pansipo, waa, mulibe munthu.