Mkamwini wa ku Joni ndi chingwe chopindidwa

Chaka chimene adalowetsa chingwe cha faiba m'kashopu kanga ka intaneti pa Balaka, ndidasanduka munthu wofunika pamtundu. Abale amene sankadziwa n'komwe khomo langa adayamba kundifunsa za umoyo wa ana. Chingwecho n'chachikasu, chowonda ngati ulusi wosokera matumba, ndipo m'kati mwake muli kagalasi koyendamo kuwala. Ukachipinda kwambiri, kuwalako kumathawira pamene wapindapo. Kunsonga kwake kukada pang'ono, mawu ndi zithunzi zimafika zikutsimphina. Ndinkafotokozera aliyense zimenezi mpaka kukhosi kuuma, koma anthu ankangogwedeza mutu.

Mwana wa achemwali anga a ku Utale adapeza mwamuna wa ku Ulongwe wogwira ntchito ku Joni. Mtsikanayo adamudikira mokhulupirika, akukana ena. Mnyamatayo adati sangabwere chifukwa mapepala ake ndi ovuta, ndiye ankhoswe adagwirizana zomufunsira pakanema m'shopu mwanga.

Tsikulo achemwali adalawirira ndi tsache, poti kwathu alendo a ukwati salandiridwa pauve. Ine nditapita kokabwereka mipando, adaona chingwe changa chili mkombero waukulu kuseri kwa tebulo, nkuti ichi n'chisa cha makoswe. Adachipinda nkuchimanga ndi mphira, monga amangira katundu a kabaza, kenaka nkuchipanikiza ndi mwendo wa tebulo. Nsonga yake adaizula nkuipukuta ndi kansalu ka polishi kuti iwale pamaso pa alendo.

Alendo adakhala pansi, tidapemphera, ine nkuyatsa makina monyada. Mkamwini adatulukira nkhope ili zigambazigamba, mawu akudukaduka. Achimwene anga aakulu, omwe adali nkhoswe yathu, adakonza kukhosi.

"Bambo, kumeneko mukukhala nokha?"

Nkhope ija idauma, kukamwa kuli yasa. Amalume ake a mnyamatayo adafulumira kumuyankhira.

"Netiweki imeneyo, ambuje. Mwana wathuyu wanena kale kuti eya."

"Iyayi, ife sitinamve," adatero achimwene.

Manyazi adandigwira, poti shopu idali yanga. Ndidakwawira kunsi kwa tebulo ndi suti yanga yomwe, ndipo nditaona ntchito ya achemwali mtima udandiwira. Ndidadula mphira uja, nkuwongola chingwe, nsonga nkuipukuta ndi sipiriti. Chithunzi chidangoti mbee! Tidaona ndi ziphuphu za mkamwini zomwe. Ndidadzuka ndikudzisasa fumbi, kudikira kuti wina andiyamikire.

Palibe adandiyang'ana. Kumbuyo kwa mkamwini kudaoneka bedi, pakhoma pali madiresi. Mayi wina wobereka khanda adalowa, nkuika kapu ya tiyi patsogolo pake, kenaka nkumuwongolera kolala ya shati osapempha n'komwe.

Amalume aja adayamba kuyang'ana kudenga. Mkamwini adadziumitsa nkhope dala, koma maso ankaphethira.

"Halo? Halo? Mukuduka, netiweki ikuvuta kumeneko."

Pamwambo wotere mtsikana amakhala chozolika, salankhula. Koma mwana wa achemwali uja adadzutsa mutu.

"Iyayi, kuno ikugwira bwinobwino. Apatseni moni amayiwo."

Adanyamuka mwaulemu, nkugwadira alendo, nkutuluka. Tonse tidamumva akulira kuseri kwa shopu, ndipo mtima udandipweteka koopsa.