Mmene Ndinawongolera Mawu a Apongozi Anga

Ndiyambe ndi kuulula, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi miyezi yambiri. Ngati munalandirapo pa foni nyimbo ya kwaya ya amayi a ku Nselema, ija imatsogoleredwa ndi mayi wachikulire wa mawu osalala ngati wakulira m'wailesi, dziwani kuti mayiyo ndi apongozi anga, ndipo saimba choncho. Mawuwo ndi awo ndithu, sindinabwereke a munthu wina. Koma ndinawawongola pa laputopu, kachidutswa ndi kachidutswa, mwana ali kubere. Eni akewo sakudziwa. Ngakhale amuna anga sakudziwa.

Ine ndili ndi satifiketi ya zamakompyuta, koma ntchito ya muofesi sinandionebe. Timakhala ku Balaka, m'nyumba ya lendi kufupi ndi njanji. Amuna anga amakatenga nsomba zouma ku Chiuta n'kumagulitsa pamsika. Ndili woyembekezera ndinkangokhala, ndiye ndinayamba kuphunzira kusakaniza nyimbo poonera mavidiyo. Ndinadziwa timapulogalamu tija amati mapulagini, timene mumaika pa mawu ojambulidwa kuti kena kachotse phokoso, kena kakweze, kena kakometse.

Nditachira, apongozi anabwera kuchokera ku Nselema n'kukhala nafe mwezi wathunthu. Ine ndine munthu wankhawa. Mwana akagona ndinkamuika chala pamphuno kuti ndione ngati akupuma, ndipo ndikakayika ndinkamudzutsa. Akalira ndinkada nkhawa, akakhala chete ndinkada nkhawa kuposa apo. Apongozi anandiyang'ana masiku awiri, lachitatu anati, "Mwanangu, mwana akagona musiyeni. Si nyemba zoti muzingovundukula." Anandichapira, anandiphikira, anandiphunzitsa kumusambitsa osanjenjemera. Munthu wotereyu mungamuuze kuti saimba bwino? Ndi pakamwa pati? Mpongozi ngakhale kuwauza kuti mpango wapendekeka amayamba wazungulira kaye kutali.

Koma chilungamo n'chakuti amayi amenewa akamaimba amayamba bwinobwino limodzi ndi anzawo, kenako pamzere wachiwiri amapatuka mwadzidzidzi ngati minibasi yaona munthu wokwera. Ndipo mawu ali nawo. Ndi mawu amene akhala akuingitsa mbalame m'munda wa mpunga zaka zambiri.

Mwana atakwana miyezi inayi, apongozi ananditumira uthenga woti anauza kale kwaya yawo kuti mpongozi wawo ali ndi situdiyo. Situdiyoyo inali laputopu, maiki imodzi ndi mahedifoni omanga ndi selotepi. Ndinakwera basi, mwana kumsana, chikwama pamiyendo.

Kwa inu amene mukufuna kujambula kwaya kumudzi, imvani izi kwa munthu amene zinamuonekera. Musajambule m'tchalitchi cha malata masana, chifukwa dzuwa likatentha malata amathetheka ndipo maiki imatola zonse. Jambulani m'mawa chigayo chisanalire. Ife tinalowa m'chipinda cha amayi apampando a kwayayo, n'kuimika matiresi awiri kukhoma ndi kupachika mabulangete pazenera kuti mawu asamabwerere. Ndipo muziyang'ana kamzere kosonyeza kukula kwa mawu: kakafika pofiira, mawu aphwanyika, ndipo palibe pulagini imene ingawalumikizenso.

Apongozi atangotsegula pakamwa, kamzereko kanafika pofiira n'kukhazikika pomwepo ngati kalipira lendi.

Ndinawasunthira kumbuyo. Pofiira. Ndinawaimika pakhomo. Pofiira. Amayi enawo, khumi ndi awiri onse, ankamveka ngati akuimbira kuseri kwa phiri. Apa m'pamene ndinaganiza nzeru imene inandipweteka. Ndinagwada n'kunena kuti, "Amayi, mawu anu ndi apadera. Bwanji inu tikujambuleni panokha, anzanuwa akamaliza?" Mumtima ndinkati ndikafika ku Balaka mawu awowo ndikangowasiya pambali, nyimbo izituluka ya anthu khumi ndi awiri, palibe adzazindikire.

Anavomera mwaulemu, n'kutuluka. Pamene ndinkamaliza kujambula enawo n'kuti iwo atafika kale kumsika. Wogulitsa tomato, wometa, ngakhale wa kabaza amene anatinyamula pobwerera, onse ankadziwa kuti "makina asankha okha" anganga a mwana wanga kuti atsogolere nyimbo. Kuwachotsa tsopano kukanakhala kuwavula nsalu pakati pa Nselema.

Ndiye ndinakhala pansi ndi mawu aja.

Choyamba ndinadula mawu onse apansipansi, aja amangoti huu, chifukwa m'menemo ndi mmene mumabisala mphepo ndi magalimoto a mumsewu. Kenako ndinaika kompuresa. Kameneka kamatsitsa wofuula n'kukweza wonong'ona, ngati mphunzitsi wabwino wa sitandade wani. Pa apongozi ndinaika awiri otsatizana, aliyense azigwira pang'ono, chifukwa mmodzi yekha ankachita kumveka kuti akubanika.

Kenako pulagini yowongola mawu. Poyamba ndinaipotokola mpaka kumapeto kuti igwire msanga paliponse pokhota. Zimene zinatuluka zinali ngati chidole cha mabatire chikupemphera. Mwana analira. Amuna anga anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi foni yagweranso m'madzi?" Ndinati ndikuyesa masipika. Phunziro lake ndi ili: pulagini imeneyi muziipatsa ulesi, iziwongola pang'onopang'ono, ndipo pamene pakhota kwambiri muzikoka nokha ndi dzanja. Ine ndinakoka milungu itatu. Mawu amaoneka ngati timabokosi pa sikirini, ndipo ta apongozi tinali titabalalika ngati nkhuku zaona mphamba. Ndinkatola kamodzikamodzi n'kukabwezera pamzere, dzanja lina litagwira mwana. Sitima ya ku Nayuchi ikamadutsa ndinkaima kaye, n'kupumitsako makutu, chifukwa makutu otopa amavomereza zilizonse.

Ndinasiyamo dala malo awiri okhota pang'ono kuti azimveka ngati munthu. Pomaliza ndinathira rivebu, kaja kamachititsa mawu kumveka ngati muli m'nyumba yaikulu. Rivebu ali ngati mafuta odzola: pang'ono munthu amawala, mukachulutsa amaoneka ngati mandasi. Ndipo musakhulupirire mahedifoni okha. Mvetserani pa kasipika ka foni yotchipa, chifukwa anthu anu adzamvera pomwepo. Mawu oyambirira osakonza aja musawafufute. Anga ndinawasunga mu foda imene ndinailemba kuti "Kaphikidwe ka makeke", podziwa kuti amuna anga sadzatsegulamo mpaka kalekale.

Nyimbo inatuluka, n'kuyenda m'mafoni ngati moto wolusa. Ndinapita nayo ndekha ku Nselema. Apongozi anamvetsera atatsinzina, manja pamiyendo. Ine ndinkangodikira kuti tsopano afunsa kuti ameneyu ndani. Itatha anapuma mozama n'kunena kuti, "Ndinkadziwa ine. Zaka zonsezi amayi amenewa amangondiphimba."

Ndinaseka nawo. Ndinadya nkhuku imene anandiphera. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pompo.

Patapita milungu ingapo apongozi anaimba foni. Makwaya a mipingo yathu ankakumana ku Balaka, ndipo okonza mwambowo anapempha kuti mayi wa mawu okoma uja adzaimbe pamaso pa anthu. Apongoziwo anali atasoketsa kale bulauzi. Ine ndinakhala pansi pa simenti. Anthu a ku Balaka mumawadziwa, akaseka sabisa mano. Ndinkaona m'maganizo apongozi anga, amene sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, akutsika pa nsanja anthu akugwirana m'nthiti.

Anabwera kudakali masiku atatu. Ndinayesa kuwaphunzitsa mochenjera. Ndinati, "Amayi, bwanji tiziyeserera motsatira foniyi?"

"Iyayi, mwanangu. Ndiphunzire kwa ine mwini? Amene ali m'menemoyo anaphunzira kwa ndani?"



Tsiku lachiwiri, ndipo apa ndikuchita manyazi, ndinagula mafirizi atatu ozizira kwambiri kuti ndiwapatse, mwina mawu angaphwe. Ndinafika nawo pakhomo, n'kuwapeza akumuimbira mwana, mokhota momwemo, mwanayo akuseka mpaka dovu. Chikumbumtima chinandigwira. Ndinazungulira kuseri kwa bafa n'kudya onse atatu ndekha. Kutacha mawu anaphwa anga. Kenako ndinayamba kuda nkhawa kuti kuzizirako kudutsa mu mkaka n'kumupatsa mwana chifuwa, ndipo apongozi omwewo ndi amene anandiwiritsira madzi a mandimu.

Tsiku la mwambo tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Zokuzira mawu zinali za mkulu wa mpingo wina wachikulire, bambo aulemu wawo, amene amapukuta maiki iliyonse ndi kansalu asanaipereke kwa munthu. Ndinawanong'oneza ndi mawu anga akuphwa aja kuti ndimadziwako za makinawa, ndingathandize. Anakondwa n'kundipatsa mpando pafupi ndi mikisa, chipangizo chija cha timabatani tokwezera ndi kutsitsira maiki iliyonse. Nzeru yanga inali yoti apongozi akayamba, ndidzatsitse maiki yawo pang'onopang'ono n'kukweza ya gulu.

Kwaya ya ku Nselema inaitanidwa. Mkulu uja anatembenuka kupereka moni kwa abusa, ndipo ine ndi mantha ndinakoka kabatani ka maiki ya apongozi, osati pang'ono monga ndinakonzera, koma mpaka pansi.

Woimba kiyibodi anayamba. Apongozi anatsegula pakamwa, n'kuona kuti sipika ili duu. Anamenya maiki ndi chala. Anaiuzira. Anati, "Halo, halo." Kenako anaipereka kwa amayi apampando ngati akubweza tomato wowola, anakonza mpango, n'kuyamba kuimba opanda chilichonse.

Ndinali nditaiwala kuti munthu ameneyu maiki saifuna.

Mawu anadzaza tchalitchi. Pamzere wachiwiri anapatuka monga mwa masiku onse, ndipo amayi khumi ndi awiri aja, amene anazolowera, anapatukira nawo komweko. Wa kiyibodi anawathamangira. Atangowapeza, iwo anali atakwera kale pena. Anawatsatanso, thukuta lili kamukamu, mpaka anangokweza manja n'kuyamba kuomba m'manja. Ndinaona atsikana awiri akubisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Koma mayi wina kumbuyo analuluta, enanso analandira, ndipo tchalitchi chonse chinaimirira, chifukwa ngakhale ankakhota, ankaimba ngati munthu amene akukhulupirira liwu lililonse. Ine ndinali nditagwira mwana mwamphamvu mpaka anandiluma.

Potuluka ndinatchera khutu kuti ndimve zimene anthu akunena. Ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Maiki ija yatilakwira. Ikanagwira ntchito bwenzi tikumva ngati pa foni paja. Munthu wamkulu kuchita kukakamiza kukhosi chonchija." Mnzakeyo anavomera kuti n'zoona, kufuula kumakhotetsa mawu. Pofika panja nkhani inali itakhazikika: woimba ndi katswiri, cholakwa ndi chipangizo.

Apongozi anapita kwa mkulu wa mpingo uja. Anagwada mwaulemu, n'kunena kuti, "Abambo, zida zanuzi muzizionako. Lero mwandigwiritsa ganyu." Bambo aja anapepesa katatu. Anayamba kufufuza mawaya mmodzimmodzi, ndipo ine, amene ndinali nditabwezera kale kabatani kaja m'malo mwake, ndinkawagwirira nsonga ina ya waya, n'kumagwedeza mutu ngati nanenso ndadabwa.

Ndikunyamula chikwama, amayi apampando anandikokera pambali. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti awa anaona.

"Ine ndaimba ndi apongozi anuwa kuyambira tili atsikana," anatero. "Ndimawadziwa mawu awo kuposa a amuna anga."

Ndinayang'ana pansi.

"Musaope. Kungoti nyimbo yotsatira, zimene munawachita awozo mundichiteko nanenso. Pokwera paja ndimavutika."

Apongozi anabwerera ku Nselema mutu uli m'mwamba, ndipo mpaka lero palibe amene wawaseka poyera. Kwaya yagwirizana kuti tijambule nyimbo zina zisanu ndi ziwiri, zonse azitsogolera iwo. Ndavomera. Koma sabata yatha ndinakumana ndi mkulu wa mpingo uja pa depoti. Anandiuza kuti maiki ija anakaimasula kunyumba ndi sikuludiraiva kuti apeze vuto, ndipo tsopano yaferatu. Anandithokoza chifukwa chowathandiza tsiku lija.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amene muli ndi apongozi abwino: ndinachita bwino kapena ndinalakwa? Ndipo ngati pali woyenera kumuuza zoona, ndiyambire kwa ndani, kwa mayi amene akusoketsa bulauzi yachiwiri, kapena kwa bambo amene akuyendabe ndi zidutswa za maiki m'thumba la jekete?