Dothi la m'Maovololo

Kuno ku Kalgoorlie aliyense ali ndi mgodi wake m'mutu. Wometa tsitsi ali nawo, wogulitsa nyama ali nawo, ngakhale abusa ukawapeza bwino amakunong'oneza dzina la kampani imene akuti mawa lino itulukira golide. Ambiri a ife tidzafa tikudikira mawa limenelo. Noelene Bosnich yekha ndiye sakhulupirira za m'maluwa. Iye amagula masheya ngati mmene amagulira anyezi, amayamba wakanikiza kaye ndi chala.

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri Noelene wakhala akuchapa zovala za anthu a m'migodi, m'kashedi kake ka makina anayi ku Boulder, dera lina la tawuni yathu ino. Matumba a maovololo amabwera Lolemba, lililonse lolembedwa dzina la kampani. Sanachedwe kuona kuti mabwana amanama koma zovala sizinama. Kampani ikamakumbadi, maovololo amabwera ali psuu ndi katondo, m'mawondo muli girisi, ndipo madzi oyamba amatuluka ngati msuzi wa nyemba. Thumba likamalemera mwezi ndi mwezi ndiye kuti alemba anthu ena ntchito. Likayamba kupepuka, kaya nyuzipepala ziyamikire bwanji, iye amadziwa kuti kumeneko zinthu zavuta.

Dothi lokha salidalira ayi. Lamlungu masana amavala magalasi n'kuwerenga malipoti a pachaka a makampaniwo, chala chili pamzere, kufuna kuona ngati mabwana akudzilipira kuposa zimene akukumba. Sagula kampani imene sanaichapirepo, ndalama ya chakudya saiyandikitsa kumsika, ndipo akagula amakhala ngati waiwala. Nayenso anapsapo, musamuone chonchi. Ali mtsikana anamvera mphekesera za ku saluni, ndalama yonse yogulira galimoto n'kuiponya ku kampani ina yokumba chitsulo cha nikelo, ndipo anayenda wapansi zaka ziwiri m'dzuwa lathu lino. Nkhani imeneyi amaikamba yekha akuseka, koma sanabwerezenso.

Chonyadira chake chinali Emu Soak. Anagula masheya ake kampaniyo ikutumiza maovololo asanu ndi limodzi okha, anthu akumuseka kuti akutaya ndalama pa dzenje la akalulu. Patapita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, zovala za Emu Soak zinkabwera pa lole, ndipo kawiri pachaka kampaniyo inkamugawira phindu. Sanagulitsepo ngakhale sheya imodzi, ndipo ankanena poyera kuti adzapita nazo kumanda.

Ndiye amayi awo anamwalira, n'kusiyira Noelene ndi mlongo wake wamng'ono, Darryl, nyumba ya malata ya zipinda zitatu imene onse anabadwiramo. Noelene ndiye ankakhalamo. Darryl, woyendetsa zimalole za miyala, anali munthu wa mtima wabwino koma wa makutu ofewa. Maukwati awiri anali atamuthera, ndipo ankagona m'kachipinda ka lendi pafupi ndi bala. Loweruka lina anatulukira ndi mabotolo awiri a mowa, kumutu kuli chipewa chatsopano cholembedwa Mulga Star, dzina la kampani ina ya migodi imene Noelene ankaichapiranso.

"Achemwali, mwachapa zokwana," anatero Darryl. "Nyumba ino tigulitse, theka langa ndikaike ku Mulga Star. Pofika Khirisimasi ndikugulirani ina kunyanja ku Esperance, yoti muziwedza nsomba muli pakhonde."

"Wakuuza ndani?"

"Aliyense akudziwa."

"Aliyense wakoyo ndimamudziwa, amakhala ku bala, mpando wachitatu kuchokera pakhomo. Chipewacho akupatsa ulere?"

"Ulere."

"Ndiye uchisamale, n'chokhacho udzaone kwa anthu amenewo. Tiye kuno."

Anapita naye kushedi, n'kukhuthula thumba la Mulga Star patebulo. Anatola ovololo imodzi n'kumuyandikizira kumphuno.

"Tanunkhiza."

"Ikununkhira sopo."

"Sopo wanga wa sabata yatha. Zapita zoyera, zabwera zoyera. M'matumba ndikupezamo timapepala tobetchera mahatchi basi. Anthu amenewa sakukumba, Darryl, akhala pamthunzi kudikira ojambula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Inu mumawerenga dothi, achemwali. Anthu ophunzira amawerenga mapu."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, iwe."

"Theka ndi langa. Mukakana tikakumana kwa loya."

Mawu amenewa anamupweteka Noelene mpaka mumtima. Mwana amene anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, lero akumuopseza ndi loya pa nyumba ya amayi awo. Koma lamulo linali kumbali ya Darryl, ndipo njira zinali ziwiri zokha: nyumba igulitsidwe kwa alendo, kapena Noelene agule theka la mlongo wakeyo. Ndalama yokwana theka la nyumba inali pamalo amodzi okha, ku Emu Soak.

Choipa n'chakuti masabata amenewo Mulga Star inkangokwera ngati yalodzedwa. Mtengo wake unawirikiza kawiri, kenako katatu. Noelene akalowa mogulitsa nyama, mwini wake, Col, ankanola mpeni uku akumwetulira.

"Mayi a dothi afika. Nanga lero maovololo akuti chiyani?"

"Akuti undipatse soseji zisanu ndi imodzi, usandibere sikelo ngati dzana."

Sanatekeseke ndi pang'ono pomwe. Msika anali atauona ukupenga kambirimbiri, ndipo thumba la Mulga Star linali litapepukanso sabata imeneyo. Chimene chinkamuvuta chinali china. Anakhala masiku atatu akuyendayenda m'nyumbamo, akutsegula zitseko za zipinda zopanda anthu n'kuzitsekanso. Tsiku lachinayi anaimbira foni bambo amene amamugulira masheya ku Perth.

"Gulitsani Emu Soak yonse."

Bambowo anadabwa. "Mayi Bosnich, mukudwala kapena? Kampaniyi ikupita patali, inunso mukudziwa."

"Ndikudziwa kuposa inu, zovala zawo ndachapa dzulo. Gulitsani."

Ataika foni pansi analira, ndipo sanachite nazo manyazi. Kenako anasamba kumaso n'kupita kukasaina mapepala a nyumba. Darryl analandira ndalama yake akuwala nkhope, anaiika yonse ku Mulga Star, ndipo sabata yomweyo anasiya ntchito, ati munthu wolemera sadzuka m'mamawa.

Emu Soak inakweradi monga ananenera bambo a ku Perth aja, ndipo panalibe munthu mu Boulder amene sanaime kuti amuuze Noelene zimenezi. Anthu a kuno timakonda kuwerengera anzathu zimene ataya. Iye ankangoyankha kuti wamva, n'kupitiriza kupinda zovala. Anayambanso pansi, kugula pang'onopang'ono masheya a kakampani kena kamene maovololo ake ankatseka paipi ndi matope.

Lolemba lina la mwezi wa Meyi thumba la Mulga Star silinabwere. Lachinayi masheya ake anaimitsidwa pamsika, ndipo sanatsegulidwenso. Darryl anasowa. Ku bala sankaonekako, kachipinda kaja anali atalowamo wina, ndipo Col ndiye anamuuza Noelene, ulendo uno osamwetulira, kuti galimoto ya Darryl imaoneka kuseri kwa bwalo la mahatchi, mawindo atatchingidwa ndi matawulo. Noelene sanamulondole. Ankamudziwa mlongo wake, ukamutsatira amathawa.

Anabwera yekha patapita masabata atatu, tsiku lina masana. Anaima pageti, ndevu zili nyankhalala, manja ali m'matumba, osalowa.

"Achemwali, ndimangodutsa. Nenani zimene mukufuna kunenazo, ndakonzeka."

"Zonena ndinanena kale. Chikwama chili kuti?"

"M'galimoto."

"Katenge. Chipinda chako n'choyala."

Darryl anayang'ana pansi. "Nyumba ino si yanganso. Ndinasaina ndekha."

"Ndinayala tsiku lomwe unasainalo. Ukuganiza kuti munthu mmodzi ngati ine zipinda zitatu ndimazifuniranji? Emu Soak sindinaigulitsire malatawa, Darryl. Ndinkagula poti udzagwere."

Darryl anatembenuka. Anabwerera kugalimoto, anatenga chikwama chake, ndipo pakhomo anapukuta nsapato nthawi yaitali asanalowe.