Chidindo cha ku Chipata

Ndinakulira ku Mkanda, komwe malire ndi nkhani ya boma, osati ya ife. Azakhali anga ankalima ku Zambia n'kumagona ku Malawi. Ndiye nditamaliza maphunziro a uinjiniya n'kusowa ntchito kuno, kupita ku Chipata sindinakuyese ulendo. Ndinagwirako ntchito zaka zingapo, bungwe la mainjiniya la kumeneko linandilembetsa, ndinakhala ndi chidindo changachanga.

Chaka china mpingo wa kwathu unaotcha njerwa zomangira tchalitchi chachikulu. Kukhonsolo anati pulani yake idindidwe ndi injiniya wolembetsedwa. Abambo anga, omwe anali mkulu wa mpingo, anaimirira pamaso pa anthu nati, "Zimenezo zisakusowetseni tulo, ine ndili naye mwana." Nthungululu zinamveka. Ine mwini wake sanandifunse n'komwe.

Nditabwera, anayala pulaniyo pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Ndinaiona bwinobwino, ndinakonza mitanda ya denga yomwe inali yowonda ngati ya chigafa cha fodya. Abambo ankangomwetulira. Kenako anati, "Basi mwanawe, dinda."

"Abambo, chidindochi chimagwira ntchito ku Zambia kokha. Kuno sindinalembetse."

"Aa, iwe! Simenti tagulayi ndi ya ku Chipata, koma igwira khoma kuno. Chidindo chokha ndiye chiope malire?"

Ine ndine wosachedwa kupsa mtima, ndimavomera. Ndinakalipa kuti, "Denga likagwera anthu, simenti sikayankha mlandu!" Mawuwo anali oona, koma sayankhulidwa choncho kwa kholo. Anachotsa magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Mtima utatsika ndinawafotokozera modekha kuti dziko lililonse lili ndi kaundula wake wa mainjiniya. Kuti ndilowe mu wa kuno ndiyenera kupereka mapepala, akuluakulu awaunike, mwina andiitane kukandifunsa mafunso, ndipo zimatenga miyezi. Ndikadinda chonchi, kukhonsolo akaibweza pulaniyo, ineyo n'kuipitsa dzina mbali zonse ziwiri. Ndinawapempha kuti Lamulungu ndikafotokoze ndekha kutchalitchi.

"Ayi," anatero. "Wolonjeza ndine."

Lamulungu lija, nthawi ya zolengeza, anaimirira atavala jekete lawo lakuda. "Abale, ndinafulumira pakamwa. Mwanayu wakana kudinda, ndipo zifukwa zake ndazimva, n'zoona. Tifune wina." Kumbuyo wina anaseka, kuseka kwapansipansi koma komveka. Mayi wina ananong'oneza mnzake kuti mwina sukuluyo sindinaimalize. Abambo anakhala pansi, maso ali pa nsapato zawo. Mayo ine, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinapeza mnzanga wa ku Lilongwe wolembetsedwa kuno. Anabwera, anaona malowo, anawerengetsanso zonse ndinakonza zija, n'kudinda. Ine ndinayamba zolembetsa mwezi womwewo, koma satifiketi inatuluka malata atakhomedwa kale.

Tchalitchicho chilipo, denga lake silinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo sindinong'oneza bondo kuti ndinakana. Koma tsiku lotsegulira, abusa atayamba kuthokoza injiniya wa ku Lilongwe, ndinawaona abambo akuomba m'manja limodzi ndi anthu onse, mwaulemu, osayang'ana komwe ndinakhala. Zimandiwawa mpaka lero.